Mpikisano wa pa ayezi ku America: ngozi ziwiri za ndege ndi ana a anthu obwera

Pamene Maxim Naumov adamaliza pa nambala yachitatu pa mpikisano wa dziko lonse la America wa masewero otsetsereka pa ayezi ku St. Louis mu Januwale 2026, adanyamula chithunzi cha makolo ake. Chaka chinali chisanathe chiwamwalirire awiriwo. Patapita maola ochepa, dzina lake lidatuluka pa mndandanda wa oimira dzikolo ku masewero a Olimpiki a nyengo yozizira ku Milan, ku Italy.

Masewerowa, omwe pa Chingelezi amatchedwa figure skating, ndi ovina ndi kulumpha pa madzi oundana munthu atavala nsapato zokhala ndi mpeni kunsi. Mpikisano wake woyamba wa dziko la America udachitikira ku New Haven m'chaka cha 1914. Kwa amayi adapambana Theresa Weld wa ku Boston, koma kwa abambo chikho chidapita kwa Norman Scott, nzika ya Canada. Chiyambi chimenecho chikunena zambiri: mpikisano wotchedwa wa dziko wakhala ukudalira anthu ochokera kunja kuyambira tsiku loyamba.

Pofika m'ma 1950, America inalibe wofanana nayo. Dick Button adatenga chikho cha dziko kasanu ndi kawiri motsatizana kuchokera mu 1946 mpaka 1952, ndipo amuna a ku America adapata mendulo yagolide pa Olimpiki zinayi zotsatizana, kuyambira 1948 kulekeza 1960.

Zonsezo zidaduka pa 15 Febuluwale 1961. Ndege ya kampani ya Sabena idagwa pafupi ndi mzinda wa Brussels, ku Belgium, itanyamula timu yonse ya America yomwe imapita ku mpikisano wa dziko lonse lapansi ku Prague. Osewera 18 adafera pomwepo pamodzi ndi aphunzitsi, akuluakulu a masewerowa ndi achibale okwana 16. Mwa iwo mudali Laurence Owen, mtsikana wa zaka 16 yemwe adali atangotenga kumene chikho cha amayi, mkulu wake, komanso mayi wawo Maribel Vinson Owen, amene pa nthawi yake adapambana chikhocho kasanu ndi kanayi. Mpikisano wa ku Prague udalephereka.

Chomwe chidachitika pambuyo pake ndicho chofunika kuchiyang'anitsitsa lero. Bungwe loyendetsa masewerowa lidakhazikitsa thumba la chikumbutso lothandiza ana aluso kulipira maphunziro awo, ndipo thumbalo likugwirabe ntchito. Koma ndalama zokha sizikadaphunzitsa mwana kulumpha. Aphunzitsi adali atatha, choncho adachokera kunja: Carlo Fassi wa ku Italy ndi John Nicks wa ku Britain ndi ena mwa omwe adadzatseka mpatawo. Peggy Fleming, yemwe mphunzitsi wake William Kipp adafa pa ngoziyo, adakhala katswiri wa dziko mu 1964 ali ndi zaka 15, ndipo Fassi adamufikitsa pa golide wa Olimpiki ku Grenoble mu 1968. Kwa amuna bala lidachedwa kupola. Golide adabweranso mu 1984 kudzera mwa Scott Hamilton, patapita zaka 23 chichitikire ngoziyo.

Ngakhale luso la Vinson Owen silidakwiriridwe naye. Wophunzira wake Frank Carroll ndiye adadzaphunzitsa Michelle Kwan, mwana wa makolo ochokera ku Hong Kong, yemwenso adatenga chikho cha dziko kasanu ndi kanayi. Kuyambira pamenepo, mndandanda wa akatswiri wadzadza ndi ana a anthu obwera. Nathan Chen, yemwe makolo ake adachokera ku China, adapambana kasanu ndi kamodzi pakati pa 2017 ndi 2022. Alysa Liu adatenga chikho cha amayi mu 2019 ali ndi zaka 13 zokha. Ilia Malinin, yemwe wakhala pamwamba kuyambira 2023, ndi mwana wa makolo obadwira ku Russia amene ankaimira Uzbekistan.

Izi sizikutanthauza kuti khomo lakhala lotsegukira aliyense. Mabel Fairbanks, mayi wachikuda waluso, sadaloledwe kupikisana nawo m'zaka za tsankho chifukwa makalabu sankalandira anthu akuda, ndipo padatenga mpaka 1986 kuti Debi Thomas akhale wachikuda woyamba kupambana chikho cha amayi. Masiku ano chotchinga chachikulu ndi mtengo: nthawi ya pa bwalo la ayezi, mphunzitsi, zovala ndi maulendo zonse zimatuluka m'thumba la kholo kwa zaka zambiri mwana asanadziwike.

Ngozi yachiwiri idagunda pamalo pomwepo pamene mtengowo umalipiridwa. Pa 29 Januwale 2025, ndege ya American Airlines yochokera ku Wichita, m'chigawo cha Kansas, idawombana ndi helikopita ya asilikali pamwamba pa mtsinje wa Potomac ku Washington. Anthu onse 67 adafa, ndipo 28 mwa iwo adali a m'masewerowa, akuchokera ku maphunziro a achinyamata omwe adatsatira mpikisano wa dziko. Makolo a Naumov, Evgenia Shishkova ndi Vadim Naumov, omwe adatenga chikho cha dziko lapansi cha ovina awiriawiri mu 1994 akuimira Russia, adali aphunzitsi ku kalabu ya ku Boston. Tsiku lotsatira Dick Button adamwalira ali ndi zaka 95.

Kusiyana kwa ngozi ziwirizi n'kwakukulu. Ya 1961 idatenga akatswiri odziwika, ndipo mpata wake udaoneka nthawi yomweyo. Ya 2025 idatenga ana omwe anali asanafike pa mpikisano wa akuluakulu, motero zotsatira za ku St. Louis sizingaonetse kukula kwa chomwe chidatayika. Mpatawo udzaoneka m'ma 2030, pamene anawo akadakhala akulimbirana malo mu timu ya Olimpiki.

Aphunzitsi nawonso adapita, ndipo mu 1961 yankho lidali kuwaitana kuchokera kunja. Ulendo uno kumanganso kukuchitika pamene boma la Donald Trump likukhwimitsa malamulo olowera ndi kugwira ntchito m'dzikolo.