Pamene kusisita kusanduka nkhanza

Mu 1978, mumzinda wa Wuppertal ku Germany, katswili wopeka magule Pina Bausch anaonetsa sewelo lovina lochedwa Kontakthof. Pa siteji pali holo yovinilamo, mipando ili m'mbali mwa cipupa, amuna avala masuti, akazi avala madilesi a paphwando. Onse afuna cinthu cimodzi: kukondedwa.

Cakumapeto kwa sewelolo, mkazi mmodzi aimilila cete. Amuna am'zungulila. Wina am'sisita tsitsi, wina am'gwila mphuno, wina tsaya. Poyamba zioneka ngati am'tonthoza. Koma manja aculukilaculukila, ayamba kum'tsina na kum'kankha ngati cidole. Palibe amene wam'funsa ngati afuna.

Ise amene tinaona mbali imeneyi pa foni, mitima inatiŵaŵa, cifukwa holo ija tiidziŵa. Ni kalabu ya pa Cisanu usiku, pamene mnyamata agwila mtsikana m'ciuno osapempha, ife n'kumaseka. Ni pa siteshoni ya minibasi, pamene mlongo wathu akokedwa dzanja uku amuuza kuti ni wokongola.

Ena amati magule otele ni zolaula za azungu. Ife tikana. Zamanyazi zili pamsewu, ndipo gule wangotiikila galasi. Bausch sanaike cilombo pa siteji. Anaikapo amuna aukhondo, ooneka aulemu, amene aganiza kuti aonetsa cikondi. Pamenepo m'pamene pali nkhani yonse: nkhanza zambili zimayamba na dzanja lofewa limene silimva mau akuti "iyayi".

Mu 2000 sewelo lomweli linavinidwa na anthu a zaka zoposa 65, ndipo mu 2008 na acicepele oyambila zaka 14. Mayendedwe a thupi anali amodzimodzi. Nkhalamba na mwana wasukulu onse anagwila mkazi uja mofanana, monga kuti khalidweli timapatsilana ngati coloŵa.

Kuno ku Zambia lamulo loletsa nkhanza za pakati pa amuna na akazi tili nalo kuyambila mu 2011. Koma lamulo limafika zinthu zitaonongeka kale. Gule angatiphunzitse kuzindikila mphindi ija pamene thupi la mnzathu lauma, nkhope yaleka kumwetulila, koma dzanja lathu likalipobe.

Pa Cisanu likubwelali tikapita kukavina, tiyeni tiyang'ane manja athu. Ndipo tikaona mnzathu wazungulidwa, tisaime pambali ngati oonelela sewelo.