Mibulu ya vitamini D: musathamangire kupisa m'thumba

Anzanga a mu msika, pakati pa malonda amene afika ndi ukali masiku ano pali timabotolo ta vitamini D. Wogulitsa amalumbira kuti mibuluyi imachotsa kutopa, imathamangitsa khansa, ngakhalenso chifuwa chachikulu. Eti zonsezo m'kabotolo kamodzi! Ine ndati ndifufuze zimene madokotala anapeza, poti ndalama yake ndi ya pa mpamba wanu.

Ku America anatenga anthu akuluakulu 25,871. Theka ankamwa vitamini D tsiku ndi tsiku, theka lina mibulu yopanda mankhwala, kwa zaka pafupifupi zisanu. Zotsatira zitatuluka mu 2018, khansa ndi matenda a mtima zinagwira magulu onse awiri mofanana. Mu 2022 anawerenganso othyoka mafupa: chimodzimodzi. Koma dziwani kuti ambiri mwa anthuwa sanali operewera vitaminiyu poyamba pomwe. Ndowa yodzadza kale mukathiramonso madzi mupindulanji?

Mwina muti amenewo ndi azungu okhuta. Chabwino. Pafupi pompa ku Dar es Salaam anayesa anthu 4,000 amene ankayamba kumwa ma ARV, ndipo mu 2020 analengeza kuti vitaminiyu sanachepetse imfa kapena chifuwa chachikulu.

Sindikuti ngwachabe ayi. Ndi amene amathandiza thupi kuyamwa kashiyamu wolimbitsa mafupa, ndipo khungu lathu limapanga lokha likawombedwa ndi dzuwa. Inu a tomato amene mumapsa tsiku lonse panja muli ndi mwayi. Amene ndikuwaganizira ndi telala wotsekeredwa m'kashopu kuyambira m'mamawa mpaka mdima, agogo osatuluka m'nyumba, ndi khanda losungidwa m'kati miyezi yathunthu. Akatswiri ataphatikiza kafukufuku wa m'mayiko a mu Africa mu 2020 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse ali ndi vitamini D wochepa, dzuwa lonseli.

Nkhani yandikhudza kwambiri ndi ya matewe. Ku Jos, m'dziko la Nigeria, madokotala anagawa ana opindika miyendo m'magulu atatu: ena vitamini D, ena kashiyamu, ena zonse ziwiri. Mu 1999 zinadziwika kuti olandira kashiyamu ndiwo anachira bwino kuposa a vitamini yekha. Anawo dzuwa ankaliona, chimene chinkasowa ndi chakudya cha mafupa, chifukwa m'mbale munkachuluka chimanga. Kodi si mbale yathu yomweyi? Usipa ndi matemba, zimene timatafuna ndi minga yomwe, zili ndi kashiyamu, ndipo zili pa benchi la mnzanu pomwepo. Mwana akayamba kupindika miyendo, thamangani naye kuchipatala akamuone, osati kwa wa timabotolo.

Chinanso chimene wogulitsa sanena: vitaminiyu satuluka msanga ndi mkodzo, amaunjikana m'thupi. Mukamwa wambiri kwa miyezi, kashiyamu amachuluka m'magazi mpaka kuvulaza impso.