NYAMA YA M'CIPEPALA YABWERANSO PA MAWILO ANAI

Abale ndi alongo anchito, inu a ku Kabwata, a ku Chelstone, a ku Lilayi ndi a m'makomboni onse a Lusaka, tamverani.

Mu caka ca 1954 anthu athu a mu Lusaka anaima pa makomo a Azungu ogulitsa nyama, nakana kugula. Sanakane cifukwa anali okhuta, iai. Anakana cifukwa munthu wakuda sanali kuloledwa kulowa m'sitolo kukasankha yekha. Anali kuima panja pa kawindo, napereka ndalama zace, nalandira phukusi lokulungidwa kale m'cipepala. Pofika kunyumba ndipo anali kuona cimene wagula: mafupa ndi nyama yoyamba kununkha. African National Congress ya Bambo Harry Nkumbula ndiyo inatsogolera nkhondo imeneyo, ndipo Bambo Kenneth Kaunda analeka kudya nyama cifukwa ca cipongwe comweco.

Lero tinena poyera kuti kawindo kaja katsegukanso. Tsopano kali pa foni ndi m'mabwalo ogulitsiramo magalimoto m'mbali mwa Kafue Road ndi Great East Road. Phukusi lace ndilo galimoto yakale yotsika mtengo, yopakidwa polishi, imene wogula sadziwa kuti yayenda mtunda wotani.

Kuno ku Lilayi tiri ndi mnzathu amene agwira nchito yosunga katundu ku Chelstone. Tsiku liri lonse anali kudzuka tambala asanalire, kukwera minibasi yopita m'tauni, kutsika, ndi kukweranso ina. Atatopa, anatenga ndalama za cilimba, naonjeza za kaloba, nagula galimoto yaing'ono. Mita yace inali kuonetsa makilomita 68,000. Miyezi itatu isanathe giyabokosi inakana pakati pa mseu. Makanika atatsegula boneti anapeza kapepala komata pa injini, konena kuti lamba wa injiniyo anasinthidwa galimoto itayenda makilomita 190,000. Wina anabweza mita m'mbuyo. Wogulitsa anati: "Munaiona ndi maso anu musanalipire." Lero galimotoyo iri pa miyala kuseri kwa nyumba, nkhuku ziikira mazira pansi pace. Mwini wace wabwerera ku minibasi ziwiri zija, ndipo wa kaloba afika pa khomo mwezi ndi mwezi. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ena a ife tinagwirapo ukalaliki ku migodi. Kumeneko makina ali onse anali ndi buku lace. Tinali kulembamo maola amene agwira nchito, tsiku limene anathiridwa oyilo, ndi citsulo ciri conse cimene casinthidwa. Kalaliki wonama nambala m'bukumo akanacotsedwa nchito tsiku lomwelo, pakuti akampani adziwa kuti citsulo cimakalamba. Nanga bwanji makina a kampani ali ndi buku loona, koma makina onyamula mkazi ndi ana a wanchito agulitsidwa ndi nambala yabodza?

Tiyeni tiwerenge. Kuzungulira dziko lonse lapansi ndi makilomita 40,000. Galimoto imene yayenda makilomita 200,000 yazungulira dziko kasanu. Lamba wa injini afunika kusinthidwa pa makilomita pafupifupi 100,000, ndipo akaduka injini iri kuyenda, pa magalimoto ambiri aononga za m'kati mwace. Mashoka, pampu ya madzi, giyabokosi, zonsezi ziri ndi nthawi yace yakufa. Mtengo wotsika umene ulipira tsiku logula uli ngati cikole cabe. Malowolo eni eni udzapereka kwa makanika ndi kwa wogulitsa zitsulo, ndiponso pali msonkho wa pa mseu, inshuwalansi ndi fitness ya ku RTSA caka ndi caka.

Kodi magalimoto amenewa acokera kuti? Ambiri acokera ku Japan, kumene ayenda kumanzere kwa mseu monga ife. Kumeneko lamulo liti galimoto yatsopano ipimidwe itatha zaka 3, ndipo pambuyo pace zaka 2 ziri zonse. Kupimitsako n'kodula, motero eni ace aigulitsa nagula ina. Zombo ziitula ku Dar es Salaam kapena ku Durban, nilowa muno pa Nakonde kapena pa Chirundu. Mu 2020 bungwe la United Nations loona za cilengedwe linawerenga kuti kuyambira 2015 kufika 2018 maiko a ku Ulaya, America ndi Japan anatumiza kunja magalimoto ang'ono akale okwana 14 miliyoni, ndipo 40 mwa 100 ali onse anadza ku Africa. Mwa amenewa alipo abwino ndithu. Koma otopetsetsa ndiwo otsika mtengo koposa, ndipo ndiwo amene wanchito awakwanitsa. Enanso atopera muno momwemo pa nchito ya taxi, nabwezedwa mita, nagulitsidwanso kwa munthu wacitatu.

Taonani cipongwe cace. M'galimoto iri yonse muli mkuwa wokwana makilogalamu pafupifupi 20, m'mawaya ndi m'zitsulo za magetsi. Ife a Zambia tikumba mkuwa, tiutumiza kunja uli watsopano, ndipo ubwerera kwa ife m'galimoto imene eni ace aitaya. M'zaka za 1970 tinali ndi fakitale ku Livingstone yolumikiza magalimoto a Fiat. Inatsekedwa. Tinali ndi mabasi a UBZ. Kampaniyo inathetsedwa mu 1995. Mzinda wakula, anchito amanga nyumba kutali monga ku Lilayi kuno, koma nchito ziri m'tauni, ku Woodlands, ku Kabulonga ndi ku Chelstone, ndipo wanchito wasiyidwa kuti adzionere yekha. Munthu sagula cigalimoto cakufa cifukwa ca kupusa. Agula cifukwa watopa kuima pa siteshoni mvula iri kugwa.

Ena adzati: "Inu a cipani mucita nsanje. Mulekeni mmphawi akhale nayo galimoto yace." Tiyankha kuti ife sitidana ndi galimoto yakale. Palibe wanchito wa m'komboni angagule yatsopano, ndipo galimoto yosamalidwa bwino itha kupitirira makilomita 200,000 iri kutumikira. Galimoto ya 180,000 yoona iposa ya 60,000 yabodza, pakuti wogula adziwa cimene wagula, natsitsa mtengo, nasungako ndalama za zitsulo. Cimene tidana naco ndico cipepala cokulungira. Amai athu sanakane nyama; anakana kugula asanaone.

Cifukwa cace tifunsa Boma zinthu zitatu. Coyamba, wogulitsa galimoto ali yense apereke kwa wogula pepala losainidwa lonena mtunda weni weni, ndipo nambalayo iziyenda pamodzi ndi white book pamene galimoto isintha mwini. Caciwiri, wobweza mita aimbidwe mlandu monga mbala. Lamulo la 2010 loteteza ogula liletsa kunamiza munthu pa malonda; ligwire nchito m'mabwalo a magalimoto, lisagone m'maofesi. Cacitatu, ndico cacikuru, tifuna mabasi akuru oyenda pa nthawi yace, ndi mtengo umene wanchito angathe. Dziko la Kenya liletsa kulowetsa galimoto yopitirira zaka 8. Ngati Boma lathu lidzafuna kutsata njira imeneyo, liyambe latipatsa mabasi, pakuti kutseka citsime coipa usanakumbe cabwino ndiko kupha anthu ndi ludzu.

Koma podikira Boma, tidziteteze tokha. Safunsa anadya phula. Usapite wekha kukagula. Tenga makanika wako, osati wa wogulitsa. Pempha mapepala a ku Japan, pakuti satifiketi yotulutsira galimoto m'dzikomo ilemba mtunda umene unapezeka pa kupimidwa kwace. Yang'ana mapedulo, ciwongolero ndi mpando wa dalaivala: ngati zaperepeseka koma mita inena 60,000, wina ali kunama. Ilize m'mawa injini iri yozizira, uone ngati itulutsa utsi wobiriwira, umene usonyeza kuti idya oyilo. Yenda nayo pa citunda. Wogulitsa akakana cimodzi mwa izi, bweza ndalama zako m'thumba. Ndipo usagule galimoto ndi kaloba, pakuti galimoto ikafa ngongole siifa nayo.

Inu a m'nthambi zathu, kambiranani nkhani imeneyi pa misonkhano. Bwalo limene lanamiza mmodzi wa ife, tonse tilidziwe ndipo tisapondemo phazi. Makolo athu anatseka kawindo kaja opanda mfuti. Anangogwirizana kusunga ndalama zao m'thumba. Mutu umodzi susenza denga.

Kwaca! Ngwee!