Mwana Amene Timamutcha Mbuli

Tiyeni tikumbukire William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 itafika povuta, makolo ake anasowa fizi ndipo anasiya sukulu ya sekondale. Ankapita ku laibulale yaing'ono ya m'deralo, n'kumatsatira zithunzi za m'buku la sayansi poti Chingerezi chinkamuvuta. Anatola zitsulo zotayidwa, fani ya thalakitala ndi njinga ya bambo ake, n'kuimika makina oyendera mphepo amene anayatsa babu kunyumba kwawo. Anthu ankati wapenga. Mu 2014 anamaliza digiri ku Dartmouth College ku America.

Kodi nzeruzi anabadwa nazo? Mwina mbewu yake anabadwa nayo, koma ine ndimaona masiku ambirimbiri aja akusakasaka pa mulu wa zitsulo, kuyesa, kulephera, n'kuyesanso. Chimandiwawa mtima ndi mwana amene timamutcha mbuli chifukwa masamu amukanika, chonsecho wailesi ya agogo ake ikafa, ndi iye amaitsegula n'kuikonza, ndipo palibe amene anamufunsapo kuti anaphunzira bwanji.