Mitengo Yatsala Kumanda Kokha

Aliyense woyenda pa msewu wa M1 kuchokera ku Lilongwe kulowera ku Dedza m'mwezi wa Okutobala ayang'ane pa zenera basi ikangodutsa pa Nathenje. Dziko lonse lili mbee, minda yopserera, mizere ya chaka chatha ili poyera ngati nthiti za ng'ombe yoonda. Koma apo ndi apo muona kankhalango kobiriwira, kowirira, kataima pakati pa fumbi ngati chilumba. Musavutike n'kufunsa kuti mwini wake ndani. Amenewo ndi manda. M'madera ambiri a chigawo chapakati mitengo yachilengedwe yatsala kumanda kokha, ndipo amene akuilondera ndi anthu oti anatsikira kulichete kalekale.

Ine ndimagwira ntchito m'boma, ndipo ndikudziwa ulendo wa pepala la boma likachoka mu ofesi. Limafika kumudzi bwinobwino, limawerengedwa pamsonkhano, anthu amawomba m'manja, kenaka wina amapichirira fodya. Lamulo la nkhalango la 1997 lilipo, alonda a nkhalango alipo, ndipo chaka ndi chaka timavala masuti kukabzala mbande pamaso pa atolankhani. Koma nkhwangwa yomweyo imene siopa lamulo, siopa mlonda, siopa ndende, ikafika m'malire a manda imabwerera yokha. Kodi n'chiyani chili kumandako chimene ife a m'maofesi tilibe? Nanga bwanji chinthu chomwecho ndi chimene tikulimbana nacho usana ndi usiku, n'kumachitcha chiwanda?

Nkhaniyi ndili nayo kukhosi chifukwa cha zimene zinandichitikira. Patatha chaka mayi anga atatisiya, tinapita kumudzi kukasesa kumanda, amfumu atatiloleza monga mwa mwambo. Anzanga atayamba kubwerera ine ndinatsalira pang'ono pansi pa mtengo wa muwanga umene waima kumutu kwa manda a mayi. Kunja kunali dzuwa loswa mtengo, koma mkatimo munali mozizira ngati m'mtsuko. Nyenje zinkalira, njiwa ikuyankhira chapatali, masamba ouma akugwa limodzilimodzi. Chiikire maliro ndinali ndisanathe kupemphera. Ndikatseka maso mawu ankangouma pakamwa. Tsiku limenelo sindinanene mawu ngakhale amodzi, koma ndinatuluka ndikudziwa kuti ndapemphera. Usiku womwewo, pa nyali ya foni, ndinalemba masamba awiri. Ndi zokhazo mwa zolemba zanga zonse zimene sindichita nazo manyazi.

Ndinalakwa pokawerenga masambawo pa msonkhano wa kumpingo. Titatuluka, mkulu wina amene ndimamulemekeza anandikokera pambali nati, "Achimwene, mwalemba bwino ndithu, koma mzimu umene unakufikirani kumandako muuyese bwino. Mulungu sakhala m'tchire." Ndinangoti zikomo, poti ulemu ndiye unandilera. Yankho langa ndi lino, ndipo silikupita kwa iwo okha, chifukwa maganizo amenewa ndi a ambiri.

Choyamba, Buku limene mkuluyo amanyamula likumutsutsa. Mose anakumana ndi Mulungu pa chitsamba akuweta nkhosa, ndipo anauzidwa kuvula nsapato. Eliya anamva liwu ali kuphanga m'phiri, mphepo, chivomezi ndi moto zitadutsa. Yesu akafuna kupemphera ankachoka pagulu kupita kuchipululu, kuphiri kapena kumunda wa mitengo. Ngati Mulungu sakhala m'tchire, anthu onsewa ankakatani kumeneko? Ndipo dzina limene timafuula nalo m'tchalitchi silinabwere pa sitima. Amishoni anapeza makolo athu akutchula kale Mulungu, Namalenga, Mphambe, Chisumphi, Chauta. Omasulira Buku Lopatulika la 1922 anatenga dzina la Mulungu pakamwa pa anthu othira nsembe patsinde pa mtengo, ndipo Buku Loyera la 1998 linatenganso la Chauta. Dzina tinalandira ndi manja awiri, koma malo amene dzinalo linkatchulidwirako tikuti n'ngwa Satana. Ameneyo ndi munthu wodya nsima n'kumatukwana nkhokwe.

Mawu oti kupatulika ndi achichewa chenicheni, ndipo tanthauzo lake lili poyera: chinthu chimene chapatulidwa, chaikidwa padera, sichigwiridwa mwachisawawa. Pitani ku Khulubvi ku Nsanje, kumene kuli kachisi wa Mbona. Munthu salowa ndi nsapato, salowa ndi phokoso, sadula mtengo. Nkhalango imeneyo yaona nkhondo, yaona atsamunda, yaona amishoni ndi maboma osiyanasiyana, ndipo ikadalipo m'chigwa chimene mitengo yake yambiri inatha. Kaya mumakhulupirira kuti Mbona amagwetsa mvula kaya ayi, zimenezo n'zanu. Chimene simungakane n'chakuti Amang'anja anaphunzitsa ana awo, mibadwo ndi mibadwo, kuti alipo malo amene munthu amabweza dzanja ndi kutsitsa mawu. Munthu amene sanaphunzirepo kubweza dzanja pa mtengo, ndikukayika ngati angalibweze pa ndalama za boma. Izi ndikunena monga woziona.

Taonani tsono zimene zimachitika malo akachotsedwa ulemu. Nthano ya Achewa imati anthu oyamba anatsikira pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, atanyamula khasu, lichero ndi mtondo, ndipo mapazi awo anadinda pathanthwe lidakali lofewa. Anthu, nyama ndi Chauta ankakhala pamodzi kufikira tsiku limene munthu anapeka moto n'kuyatsa tchire. Nyama zinathawa, kupatula galu ndi mbuzi, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Ndili mwana ndinkaitenga ngati nthano yogonetsa ana. Lero ndimaiwerenga ngati lipoti la ku ofesi. Dzalanyama yemweyo, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene timamwa mumzinda uno, anaotchedwa makala mpaka mu 2015 boma linachita kutumizako asilikali. Malo amene ankalonderedwa ndi nthano anafika pofuna mfuti. Amene anapeka nthano ija anaona patali kuposa ife a madigiri, ndipo anaona chifukwa ankadziwa kukhala chete n'kuyang'ana.

Apa ndi pamene luso limalowera, ndipo apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa. Makolo athu sanasiyanitse kupembedza ndi kupanga zinthu ndi manja. M'mapiri a Chongoni ku Dedza muli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala, amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira zinajambulidwa ndi Akafula, zoyera ndi Achewa, ndipo zambiri mwa zoyerazo n'zokhudza chinamwali ndi nyau. Ndinakwerako ku Chentcherere tsiku lina ntchito itanditengera ku Dedza. Chimene chinandigwira mtima si ukale wake ayi, koma kuganiza za namkungwi amene anasakaniza dothi loyera, naviika chala, najambula chinyama pamwala kuti mtsikana amene dzulo anali mwana amvetse zimene zikuchitika m'thupi ndi mumtima mwake. Mayi ameneyo sankadziwa kuti akupanga chimene lero timachitcha luso. Ankakuza munthu. Chojambula, nyimbo, phanga ndi mwambo zinali ntchito imodzi, ndipo wolowa m'phangamo ankatuluka ali wina. Pamwamba pa zojambula zina za m'mapiri amenewa lero pali mayina a anyamata olembedwa ndi makala. Sindikuwaimba mlandu anyamatawo. Palibe anawauza kuti aima m'sukulu ya agogo awo.

Alipo amene anazindikira zimenezi ali mkati mwa mpingo. Ku Mua, mishoni imene ansembe a White Fathers anaikhazikitsa mu 1902, bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso a Kungoni mu 1976. Osema a kumeneko anayamba kusema Yesu wa nkhope yathu ndi Maria wobereka mwana ngati mayi wa kumudzi, ndipo m'nyumba ya Chamare anasungamo nkhope za Gule Wamkulu mazanamazana pamodzi ndi tanthauzo la chilichonse. Ine sindinagule njira, choncho za kudambwe sindilankhula zambiri. Koma ndinaima nthawi yaitali kuonerera wosema wina akugwira ntchito. Asanakhome sompho anatembenuza chipikacho kangapo, akuchisisita, akutsata mmene mtengowo unakulira, pamene unapindika ndi pamene unavulala. Sankaulamula mtengo, ankaumvera. Ngati kumeneko si kudzichepetsa pamaso pa chinthu chimene sunalenge ndiwe, ndiye kuti kudzichepetsa sindikukudziwa. N'zochititsa manyazi kuti zinatengera mlendo wochokera ku Canada kutiuza kuti m'nyumba mwathu muli chuma, ndi kuti gule amene dziko lonse linamuvomereza mu 2005 ife timangomudziwa pa tsiku lolandira nduna.

Wina anena kuti, nanga si anthu akukhamukira kumapiri kukapemphera masiku ano? Zoona, akupita. Ndawaona, ndipo ena ndi abale anga. Koma ambiri amakwera ndi zokuzira mawu, amalemba mavesi ndi penti pamatanthwe, amathyola nthambi zosonkhera moto usiku, m'mawa n'kusiya mabotolo ndi majumbo ali mbwee. Sakwera kukamva, amakwera kuti akamveke. Phiri kwa iwo ndi nsanja yofupikira kumwamba, osati cholengedwa chinzawo. Munthu angathe kusala kudya masiku atatu pamwamba pa phiri osadziwa dzina la mtengo umodzi umene wamupatsa mthunzi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche n'kukwirira anthu ku Chilobwe, ndipo m'dziko lonse tinataya miyoyo yoposa 1,000. Sindikunena kuti mizimu inakwiya, ndipo amene anathamangira kulalikira kuti chinali chilango cha machimo a anthu ovutikawo anandinyansa. Ndikungonena kuti phiri lovulidwa siligwira dothi, ngakhale mutalipempherera usiku wonse.

Ndisakhale ngati wokometsa zakale zonse. Mantha nawo analipo, ndipo alipobe. Ana athamangitsidwapo ndi zilombo popita kusukulu, anthu amenyedwapo chifukwa chosagula njira, amayi amasiye azunzidwapo m'dzina la mwambo. Zimenezo n'zoipa ndipo tizinene poyera. Komanso wootcha makala si mdani wanga. Ana ake akufuna kudya, ndipo thumba lake limathera pa mbaula ya kunyumba kwanga magetsi akazima. Utsi wa Dzalanyama uli pa malaya anga ngati wina aliyense wa m'tauni. Koma munthu satentha nyumba chifukwa cha nsikidzi. Ife tinataya nkhanza ndi ulemu pa dzala limodzi, ndipo mwa ziwirizi nkhanza ndiyo inadzuka n'kubwerera.

Tsono kwa inu alembi anzanga. Malemu Steve Chimombo anatenga Mbona ndi Napolo n'kuwasandutsa sewero ndi ndakatulo, koma analemba m'Chingerezi. Samuel Ntara ndi John Gwengwe anatisungira mbiri ndi miyambo m'chinenero chathu, ndipo tiwathokoze. Nanga ife? Tikalemba za uzimu m'Chichewa timalemba nkhani ziwiri zokha: mfiti youluka pa lichero, kapena chidakwa chotembenuka mtima pa tsamba lomaliza. Manda m'nkhani zathu ndi malo a kadzidzi ndi afisi basi. Palibe amene akulemba za munthu wamba, wa tayi ndi ngongole zake, amene wakhala pansi pa mtengo n'kumva chinthu chimene sangathe kuchitchula. Timaopa abusa, timaopa kutchedwa achikunja, timaopanso anzathu ophunzira kuti atiseka. Choncho nkhani ya mzimu wa munthu, imene ndi yakuya kuposa zonse, taisiyira ofuula m'misika ndi alendo odzafufuza. Chinenero chimene chili ndi mawu ngati zii, bata, nthumanzi ndi chisisira sichingalephere kunyamula nkhani imeneyi. Olephera ndife, chifukwa kulemba zotere kumafuna kuti munthu ayambe wakhala chete, ndipo kukhala chete n'kumene tinaiwala.

Mwezi wathawu ndinalandira foni kuchokera kumudzi. Abale agwirizana zomanga chiliza cha mayi, cha matailosi ngati zimene zafala masiku ano, ndipo mmisiri wanena kuti muwanga uja udulidwe chifukwa mizu yake idzang'amba simenti. Mabanja ena atatu achita kale chomwecho, moti mbali ya kum'mawa kwa manda athu dzuwa layamba kulowa. Ndalama ya simenti ndinatumiza ndine, mwana wa ku tauni wolandira malipiro a boma, ndisanadziwe za mtengowo. Ndawauza kuti chiliza chikhale chaching'ono, kapena chisakhalepo n'komwe, koma mtengo usakhudzidwe. Malume anga anayankha kuti anthu adzati ana a malemuwa ndi osauka kapena ndi ouma manja. Mlongo wanga sakundilankhula. Loweruka likubwerali ndikwera basi ya m'mawa kuti tikakambirane pamaso pa amfumu, ndipo masamba awiri aja ndawaika kale m'chikwama.