APHUNZITSI AFUNIKA LUSO LOJAMBULA ZITHUNZI

Pamene ana a Giredi 9 analemba koyamba mayeso a makompyuta m'caka ca 2015, ena anatsiriza usiku cifukwa makinawo anali ocepa. Lero zinthu zasinthako: aphunzitsi ambiri ali ndi foni yojambula m'thumba. Cimene cisowa ndi luso, ndipo makoleji a aphunzitsi, monga ya ku Chipata, ayenera kuliphunzitsa.

Cithunzi ca nkhokwe pacokha sicinena kanthu. Mphunzitsi waluso amajambula kubzala, kupalira ndi kukolola, nafunsa agogo mau olemba pansi pake, motero ana apeza cowerenga m'Cinyanja.

Ulemu nawonso uphunzitsidwe. Pa Kulamba ku Mkaika munthu angajambule Gule Wamkulu pabwalo, koma za kudambwe sizijambulidwa. Mwana wa eni ake sajambulidwanso makolo asanalole.