THAMBO LA AMERICA: ANADIKIRA MITEMBO KUTI AKONZE MALAMULO

Anthu ambiri akamva za dziko la America amaganiza za cuma, misewu yotakasuka ndi ndeke zosawerengeka. Ndeke zilikodi zambiri, ndipo si zonyamula anthu aulendo zokha ai. Kuli ndeke zazing'ono zoposa 200,000 za anthu opeza bwino, za makampani ndi za masukulu ophunzitsa kuuluka, ndipo zonsezi zimakumana ndi ndeke zikuluzikulu pamwamba pa mizinda. Koma cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Kwa zaka zambiri oyendetsa ndeke akhala akupereka malipoti akuti anangotsala pang'ono kugundana ndi kandeke kakang'ono, ndipo akuluakulu oyang'anira za maulendo a pandeke akhala akusunga malipotiwo kufikira tsiku la maliro.

Lamulo lakale la m'mlengalenga linali lakuti woyendetsa aliyense aziyang'ana yekha ndi maso ake ndi kupatuka. Lamuloli linali labwino pamene ndeke zinali zocepa ndi zoyenda pang'onopang'ono. Koma ndeke yothamanga makilomita 400 pa ola imadutsa mamita oposa 100 pa sekondi imodzi, ndiko kuti utali wa bwalo la mpira. Munthu aliyense amene anaonapo basi ikupeza njinga pa mlatho wopapatiza usiku adziwa kuti maso okha sakwanira. Nanga bwanji kumwamba, kumene kandeke kangabisike pansi pa mphuno ya ndeke yaikulu, kapena kusokonekera ndi madenga a nyumba za mu mzinda?

Cenjezo linabwera msanga. Mu 1967 ndeke ya kampani ya Piedmont inagundana ndi kandeke ka Cessna ku Hendersonville, ndipo anafa anthu 82. Mu 1969 ndeke ya Allegheny inagundana ndi kandeke ka munthu wophunzira kuuluka pafupi ndi Indianapolis, nafa anthu 83.

Pa 25 Seputembala 1978 m'mawa, ndeke ya Boeing 727 ya kampani ya PSA inali kutsikira ku San Diego. Olondolera ndeke anauza oyendetsa ake kuti patsogolo pali kandeke ka Cessna ka mphunzitsi ndi wophunzira wake. Oyendetsawo anati akaona, kenaka anakataya m'maso, koma sananene momveka kuti sakukaonanso. Makina a olondolera analiza belu la ngozi patatsala masekondi 19, ndipo palibe amene anacenjeza ndeke yaikuluyo, cifukwa onse anakhulupirira kuti oyendetsa akukaona kandekeko. Ndeke ziwirizo zinagwera pa nyumba za anthu ku North Park. Anafa anthu 144, ndipo 7 mwa iwo anali pansi, m'dera la nyumba zao, osadziwa kuti kumwamba kuli mlandu.

Eni ndeke zazing'ono amakonda kuchula ngozi imeneyi podziteteza. Amati kandeke kanali kulankhula ndi olondolera, ndipo olakwa anali a ndeke yaikulu. Zimenezi zili ndi coonadi cake, koma zikungotsimikiza mfundo yomweyo: dongosolo limene limaika miyoyo ya anthu oposa 100 pa diso la munthu mmodzi wotangwanika ndi kutera ndi dongosolo loola. Ndipo pamene boma linafuna kukulitsa madera a thambo olamulidwa mokhwima, bungwe la eni ndeke lochedwa AOPA linatsutsa kwambiri, likunena za ufulu wouluka ndi za mtengo wa zipangizo. Ufulu wa yani? Mai amene ali kuphika m'nyumba mwake pansi pa njira ya ndeke sanafunsidwe za ufulu umenewo.

M'malo moonjezera olondolera ndeke, boma linawacepetsa. Mu Ogasiti 1981 anchito ameneŵa ananyanyala nchito pofuna malipiro abwino ndi maola ocepa, ndipo Pulezidenti Ronald Reagan anacotsa nchito anthu 11,345. Luso la zaka zambiri linatuluka pakhomo tsiku limodzi, ndipo kuphunzitsa ena olowa m'malo kunatenga zaka.

Tsono pa Sande, 31 Ogasiti 1986, kandeke ka Piper konyamula anthu atatu a banja limodzi kanalowa popanda cilolezo m'dera la ndeke zotsikira ku Los Angeles. Kanalibe cipangizo couza olondolera kutalika kwake kucokera pansi, ndipo wolondolera anali atatangwanika ndi kandeke kena kamenenso kanasocera m'dera lomwelo. Kanagunda mcira wa ndeke ya DC-9 ya Aeroméxico pamwamba pa Cerritos. Anafa anthu 82, kuphatikizapo 15 a pansi. Mu 1989 khoti linagawa mlanduwo pakati: theka kwa woyendetsa kandeke, theka kwa boma.

Apa ndi pamene Nyumba ya Malamulo inadzuka. Mu 1987 inalamula kuti ndeke zonyamula anthu ziikidwe makina ochedwa TCAS, amene amamva ndeke ina ikayandikira ndi kuuza woyendetsa kuti akwere kapena atsike. Kuyambira mu 1989 kandeke kouluka mkati mwa makilomita pafupifupi 56 kuzungulira mabwalo akuluakulu kanayenera kukhala ndi cipangizo conena kutalika kwake. Makinawa apulumutsa anthu ambiri, ndipo palibe angakane. Koma kucokera ku Hendersonville kufika pa lamuloli panapita zaka 20, ndipo pepani sapoletsa cilonda.

Kodi khalidwe lodikira mitembo linatha? Pa 29 Januwale 2025 ndeke ya American Eagle imene inali kutera ku Washington inagundana ndi helikopita ya asilikali pamwamba pa mtsinje wa Potomac, ndipo anthu onse 67 anafa. Makina a TCAS sauza woyendetsa kukwera kapena kutsika ndeke ikakhala pafupi kwambiri ndi nthaka, tero apa sanathe kupereka lamulo lopatuka. Ofufuza a bungwe la NTSB atatsegula zolembedwa zakale anapeza kuti pakati pa Okutobala 2021 ndi Disembala 2024 ndeke ndi mahelikopita zinayandikana pa bwalo lomwelo nthawi zoposa 15,000, ndipo nthawi 85 zinadutsana pafupi koopsa. Ziwerengerozi zinalipo kale m'makompyuta ngoziyo isanacitike. Njira ya mahelikopita imene inadutsa pansi pa ndeke zotera inatsekedwa mu Marichi 2025, mitembo itavuulidwa kale mu mtsinje.